Mchombo wa Mdzukulu Wanga m'Bini ya Bulawuni

Anthu kuno kwa Mwambo akandipeza pa mjigo kapena ku sikimu ya mpunga amakonda kundifunsa kuti, "Anganga, ku Ulaya kuja munakaonako chani?" Ine ndimangoti ndinakaona mabini. Amaseka, amayesa ndikucheza. Koma ndi zoona. Dziko lonse lija, ndi magetsi ake osazima aja, nzeru zawo zinathera pa zinyalala.

Amene ali kumeneko ndi mwana wanga wamkazi, mumzinda wina amati Dabulini. Woyamba kupita anali mwamuna wake, ati kusukulu, kenako n'kumuitanitsa. Sukuluyo kaya inatha kaya sinathe, ine sindidziwa. Chomwe ndinakapeza n'choti mkamwini wangayo amayendetsa galimoto yogawa katundu m'makomo mwa anthu, ndipo mwana wanga amasambitsa nkhalamba za azungu. Eee, nkhalamba! Kumeneko munthu akakalamba ana ake amakamusiya kunyumba ina ngati mmene timasiyira njinga kwa okonza, n'kumakamuona pa Khisimisi. Ndiye mwana amene ndinamuphunzitsa ine ndi mpunga wa ku Likangala, msana uli chiweramire m'matope, ndi amene amapukuta amayi a eni ake. Amayi ake enieni ali kuno akudzitungira okha madzi. Koma zimenezo tizisiye kaye.

Ali ndi pakati pake poyamba, miyezi itayandikira, anandiimbira foni. "Amayi, mubwere mudzandithandize. Kuno kulibe munthu." Ine n'kuti, "Kulibe munthu bwanji, si umati mzindawo ndi waukulu kuposa Bulantaya?" Iye n'kuti, "Anthu alipo amayi, koma munthu palibe." Ndinayesa mwana wasokonezeka ndi mimba. Ndinazimvetsa nditafika.

Za mundege sindinena zambiri. Ndinangotseka maso n'kumapemphera. Malemu bambo ake a mwanayu ankakhala miyezi pa zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama pa udzu m'kati mwa Chilwa muja, ine n'kumawanena kuti ndi opanda mantha ngati ng'ona. Akanandiona tsiku limenelo ndili pamwamba pa mitambo, ndikudya nkhuku yosakoma m'kambale ka pepala, akanaseka mpaka kutsokomola.

Mavuto anayambira pabwalo la ndege pomwepo. Ndikutuluka ndi chikwama changa, ndinangoona mkamwini uja akubwera atatambasula manja ngati akufuna kugwira nkhuku yothawa. Kufuna kundikumbatira! Ine! Apongozi ake! Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda mzungu wina. Abale, mwamuna wanga anakhala pachikamwini kwa amayi anga mpaka imvi, koma amayi anga sanamuonepo akutafuna. Akakumana panjira ya kudambo, mmodzi amapatukira m'tchire, moni n'kumapatsana chakumbali, maso ali pansi. Ulemu wake unali umenewo, ndipo sanakanganepo. Ndiye mkamwini wangayu si wa ku Ulaya ayi. Ndi wa kwa Kuntumanji pompa apa, amayi ake ndimawadziwa, amagulitsa tomato pa Jali. Zaka zochepa zokha za chisanu, basi mutu wauma.

Mwana wanga anandinong'oneza kuti, "Amayi, musadabwe, kuno ndi mmene amachitira." Mawu amenewa ndinawamva mpaka kutopa nawo. Kuno ndi mmene amachitira.

Nyumba yawo, ati nyumba, ili pamwamba pa nyumba za anthu ena, ndipo pamwamba pawo palinso ena. Makola a nkhunda enieni. Mukalowa muli kanjira kopapatiza ngati bwato la mtengo, moti anthu awiri sangadutsane osakhudzana. Chimbudzi chimodzi, m'nyumba momwemo, khomo lake kuyang'anizana ndi khitchini. Tsono tandiuzani, munthu umapewa bwanji apongozi m'malo otero? Ndikafuna kupita kukadzithandiza ndinkayamba ndamvetsera pachitseko ngati wakuba. Ndikatuluka, uyo ali apo, kabudula wam'mwamba, maondo onse pamtunda, akutsuka mbale. "Mwadzuka bwanji amayi? Ndikupangireni tiyi?" Ine maso kukhoma. Kudya ndinkadyera kuchipinda, nditayang'ana pawindo. Iye ankayesa ndikudwala.

Pawindo pajanso ndiye panali sinema yanga. Anthu kuyenda mothamanga, nkhope zokwinya, wina osamupatsa mnzake moni. Agalu ovala majekete. Galu akachita chimbudzi, mwini wake, munthu wamkulu bwinobwino wa tayi, amawerama n'kutola ndi dzanja m'kapepala, n'kumayenda nako ngati wagula mandasi. Ndinamuitana mwana wanga kuti adzaone. Iye ati, "Ndi lamulo amayi." Ndinati, "Kwathu galu amadziwa yekha kutchire, ndipo sanapiteko kusukulu."

Matemba anandiletsa kunyamula, ati akandilanda polowa. Ndiye nsomba yake kumeneko imachokera m'firiji, yoyera, yamakona anayi ngati sopo, yopanda mutu, yopanda mchira, yopanda minga. Ndinafunsa kuti nsomba imeneyi dzina lake ndani, ili moyo inkaoneka bwanji? Palibe anadziwa. Ine mkazi wa msodzi, amene ndimasiyanitsa mlamba wa ku Kachulu ndi wa ku Mchenga ndi lilime lokha, kumadya chinthu chopanda nkhope.

Tsono mabini. Tsiku loyamba lenilenilo, asanandifunse n'komwe kuti kumudzi kwamwalira ndani, mvula inagwa bwanji, mkamwini uja anandiimika m'khitchini kuti andiphunzitse kutaya zinyalala. Ankalankhula moyang'ana ine, ine ndikuyang'ana firiji. Ati mabini alipo atatu, akuluakulu, ali pansi kuseri kwa nyumba, ndipo ndi a anthu onse a m'makola muja. Yagilini ndi ya mapepala ndi zitini, koma chitinicho uyambe wachitsuka. Mwamva? Kutsuka chinyalala! Ya bulawuni ndi ya zowola, makoko a mbatata, masamba a tiyi, zotsala m'mbale, ati amakapangira manyowa. Yakuda ndi ya zina zonse. Ukasokoneza, ati aneba amadandaula ndipo a galimoto ya zinyalala akhoza kuisiya bini yonse osainyamula. Mmene ankafotokozera, mawu ake onjenjemera ndi ulemu, mungayese akunena malamulo khumi a Mose. "Chachikulu amayi, pulasitiki asalowe mu ya bulawuni. Ngakhale kakang'ono." Ndinamuuza mwana wanga kuti, "Awuze apongozi kuti ndamva."

Mwana wanga anachira bwino, tithokoze Mulungu, kunabadwa mwana wamwamuna. Za kuchipatala ndingonena chimodzi: mkamwini analowa nawo m'chipinda chochirira, n'kuona zonse, ine mayi wake wa munthu n'kutsala pabenchi. Anatuluka akulira, ati zinali zokongola. Ndinangoti kukamwa yasa.

Atabwera naye kunyumba, ndinamuvula kamwanako kuti ndimuone bwino. Pamchombo anali atamupana ndi kapulasitiki koyera, ngati kopanira zovala pa chingwe. Ndinati chabwino, ulusi kapena pulasitiki, mchombo ndi mchombo, udzagwa basi. Ndipo ntchito imene ndinakwerera ndege ine inali imeneyo. Kuchapa ndi kuphika makina amachita. Koma mchombo ulibe makina.

Kwathu kuno mwana akabadwa amakhala m'chikuta ndi mayi wake, osatuluka, bambo osamugwira, mpaka mchombo utagwa. Akuluakulu aakazi timauyang'anira usiku ndi usana, chifukwa ukagwera pamaliseche a mwana wamwamuna, ameneyo akadzakula sadzabereka. Ukagwa timautenga n'kukaukwirira pakhomo pa amayi ake a mayiyo, malo odziwa ife tokha. Ndi umene umamanga munthu kwawo. Munthu ayende mpaka ku Joni, akhale zaka, tsiku lina mchombo umamukoka. Ana anga onse michombo yawo ili pansi pa nthochi kuseri kwa khitchini yanga. Ndipo mwana uyu, mwa mwambo wathu, ndi wa kuchikazi, ndi wathu ife. Wobadwira kutali chonchija, m'khola la nkhunda, wopanda bwalo, wopanda dothi loti adye akamakwawa, chomugwira kuti akhale wa kwa Mwambo chinali kachingwe kouma kameneka basi.

Ndinamuuza mwana wanga zonsezi. Anali atatopa, maso ali lende. Ati, "Amayi, zimenezo ndi zakale. Anesi anena kuti ukagwa tingotaya."

"Kutaya kuti?"

"M'bini."

"Iwe, wako ndinataya m'bini?"

"Amayi, chonde, ndigoneko."

Chikuta ndiye panalibe. Bambo wa mwana ndi amene ankasintha pampasi, kumusambitsa, kumuyimbira nyimbo za Chingerezi. Anawapatsa masiku kuntchito oti akhale pakhomo, ati tchuthi cha abambo. Tchuthi! Wabereka ndani? Ine ndinkangozungulira kumbuyo kwake ngati mphamba pa anapiye, osatha kumuuza kuti chokani, chifukwa ndi apongozi. Akangomusiya mwana ndinkathamanga kukatsegula malaya. Mchombo unauma, unada, unayamba kulendewera ndi kansinga kamodzi. Ndinadziwa kuti watsala pang'ono. Ndinasiya ngakhale kusamba nthawi yaitali.

Koma munthu sungakhale osasamba. M'mawa wina ndinalowa kubafa. Shawa yawo ija ili ndi chotembenuza chimodzi, ukapotoza pang'ono madzi a moto, ukabweza pang'ono madzi a imfa, ndiye ndinalimbana nayo kanthawi. Potuluka ndinapeza mwana wavekedwa zatsopano, wagona pamiyendo pa mayi wake pabalaza, mkamwini ali pambali akumwa khofi. Ndinatsegula malaya a mwana. Pamimba pali mbee. Kabala kofiira kokha.

Ndinakhala pansi pa kapeti, msana kulozetsa kwa mkamwini, n'kuuza mwana wanga kuti, "Afunse apongozi, mchombo wagwa nthawi yanji?"

Iye anali pafupi moti ndinkamva fungo la khofi wake, koma mwana wanga anabwerezabe. "Akuti mchombo wagwa nthawi yanji?"

"Pompano, ndikumusintha."

"Afunse unagwera pati."

"Unakodwa m'malaya, cham'nthiti umu."

"Afunsenso bwino. Sunatsikire kumunsi?"

"Ayi amayi, unali m'mwamba, pampasi ndinali ndisanamasule."

Apo ndinapuma. Mbeu yapulumuka. "Tsono afunse auika pati."

Mkamwini anayankha mosangalala, ngati mwana wa sukulu amene wakhoza samu. "Ndataya kale. Poyamba ndinaima kaye, ndimvekere kodi chimenechi n'cha bini iti? Ndiye ndinaganiza kuti ndi chinthu chowola, ngati khoko. Ndachikulunga m'katishu, ndaika m'kathumba ka zowola, ndipo ndatsitsa kale pansi, paja galimoto ikubwera m'mawa uno. Chili mu ya bulawuni."

Mdzukulu wanga. Khoko. Manyowa a maluwa a azungu.

Woyamba kulankhula anali mwana wanga, ndipo mverani chimene anafunsa. Sanati mwataya bwanji mchombo wa mwana wathu. Anati, "Mu ya bulawuni? Ndi kapulasitiki kaja komwe?"

Kapu ya khofi inagunda patebulo. Mkamwini anaimirira, nkhope yasintha ngati wamva uthenga wa maliro. "Ayi! Pulasitiki!" Anatuluka chothamanga, osavala ndi nsapato zomwe, masokosi okhaokha.

Mwaona anthu ake? Ine masiku onse aja kulankhula za makolo, za mbeu, za kwawo kwa munthu, palibe anatekeseka. Koma kapulasitiki kochepa ngati chala kalowa m'bini yolakwika, bambo wa mwana akudumpha masitepe awiriawiri.

Ine ndinakokera jekete la mwana wanga pamwamba pa chitenje n'kumutsatira. Chikepe ndinkachiopa, ndinatsika wapansi, maondo akulira. Kunja kunali kamvula kawo kaja kosatha, kosanyowetsa munda koma kolowa m'mafupa. Kumapeto kwa msewu ndinamva galimoto ya zinyalala ikubangula, ikubwera khomo ndi khomo.

Ndinamupeza atatsegula bini, mutu uli m'kati. Bini yake yaitali kufika pachifuwa panga, yodzaza timatumba tobiriwira tofanana tonse, ta makomo onse a m'makola muja. Fungo lake, abale! Amati azungu ndi aukhondo, koma zowola zawo zimanunkha kuposa pa doko nthawi ya matemba. Ndinaima mbali inayo n'kupisa manja. Ndinkang'amba kathumba, kufufuza, kuponya pansi. Makoko a mbatata, mafupa a nkhuku, buledi wathunthu wosaluma n'komwe, mpunga woyera bwinobwino woti kwathu ndi chakudya cha ana tsiku lonse. Anthu amenewa amataya chakudya ndi mwambo wake, mosamala, m'bini yoyenera.

Mayi wina wachizungu wa pakhomo loyandikana ndi lathu anatulukira ndi kagalu kake ka jekete lofiira. Chibwerereni ine anali asanandipatseko moni. Tsiku limenelo ndiye anaima, n'kulankhula zambirimbiri m'mphuno. Mkamwini anamuyankha mwaulemu, akumwetulira, manja ali noninoni. Pambuyo pake ndinamva kuti mayiyo amafunsa ngati tili ndi njala, ati ali ndi zitini za nyemba zoti atha kutigawira. Ine, mlimi wa mpunga wa ku Likangala! Mwayi wake sindinamve nthawi yomweyo.

Galimoto inafika. Anatsika amuna awiri a zovala zowala, mmodzi n'kugwira bini yathu. Mkamwini anaikumbatira, kukumbatira kuja ankafuna kundichita ine pabwalo la ndege, uku akuwachonderera m'Chingerezi. Kaya anawauza za mchombo kaya za pulasitiki, ine ndikuganiza za pulasitiki, chifukwa anagwedeza mitu momvetsa n'kuyamba kaye mabini a nyumba ina.

Tinapitiriza, iye uko ine kuno, mitu yathu kutsala pang'ono kugundana. Ndiye pansi pa masamba a tiyi ndinaona kathumba kali ndi makoko a mbatata ya kholowa. M'nyumba monse muja wodya kholowa ndinali ine ndekha, ankandigulira ku sitolo ya anthu akuda. Ndinakagwira. Nayenso anakagwira nthawi yomweyo, dzanja lake pamwamba pa langa. Dzanja la mkamwini! Amayi anga akanadzuka m'manda.

Ndinamuyang'ana m'maso, koyamba chikwatirireni mwana wanga, n'kulankhula naye ndekha popanda wodutsira. "Apongozi, chotsani dzanja."

Anachotsa. Ndinang'amba kathumbako. Katishu kanali momwemo, konyowa ndi tiyi. Nditafunyulula, uwo mchombo, wakuda, wopindika ngati kathelere kouma, kapulasitiki kake kali pomwepo.

Mkamwini anapuma mwamphamvu, n'kutambasula dzanja. "Mwaupeza amayi! Bweretsani ndichotse kapulasitikiko, kapite mu yakuda."

Ndinati, "Apongozi, kwa Kuntumanji munabadwira kuja, wanu anauika m'bini ya mtundu wanji?"

Anayang'ana masokosi ake onyowa. Kenako anati, chapansipansi, "Amayi anga ankati uli pa chulu, kuseri kwa khola la mbuzi." Ndinamanga mchombo pamfundo ya chitenje, ndi pulasitiki yake yomwe, n'kumusiya akutolera timatumba tonse tija n'kumabwezera m'bini, kalikonse m'malo mwake, a galimoto akumudikira.

Nditakwera ndinapeza mwana wanga ali pakhomo, khanda lili paphewa, akulira mosatulutsa mawu. Ndinayesa ndi zija amalira azimayi akangochira. Anayang'ana mfundo ya chitenje changa n'kufunsa, "Mwaupeza?"

"Ndaupeza. Si zakale zija?"

Kenako ati, "Amayi, wanga uli pati kwenikweni?"

"Pansi pa nthochi, kuseri kwa khitchini. Pamodzi ndi wa achimwene ako."

"Nthochi ya makumbuka ija?"

"Yomweyo."

"Mukauike pomwepo. Pafupi ndi wanga."

Ndinati, "Ndimayesa anesi anati titaye." Anangopukuta mphuno ndi thewera la mwana. Sindinamupitirize. Munthu wochira kumene sumuthira mchere pabala, ngakhale akuyenera.

Ndinakhalako mpaka mwana atayamba kumwetulira. Mkamwini anasiya kuvala kabudula pamaso panga, ndipo tikakumana m'kanjira kaja ankabwerera n'kulowa m'chimbudzi kuti ndidutse. Tchire lake linali limenelo. Za mabini ndiye sanasinthe, mpaka tsiku lonyamuka anandibweza ndi chitini cha nsomba kuti sindinachitsuke bwino.

Mchombo unayenda pamfundo ya chitenje, m'kati mwa diresi, ndege zonse ziwiri, minibasi ya ku Zomba, ndi kabaza kuchokera pa Jali. Pabwalo la ndege anandiunika ndi makina awo, anandilanda botolo la madzi, koma chenicheni sanachione. Nditafika ndisanamasule ndi chikwama chomwe, anthu akubwera kudzandilonjera, ndinatenga khasu n'kuzungulira kuseri kwa khitchini. Kapulasitiki ndinayesa kukatsegula ndi mpeni, kanakana. Ndinakwirira zonse pamodzi.

Pano mwana uja akuyenda. Amandiimbira pa vidiyo Lamulungu lililonse, iye n'kumati "anganga" m'mphuno ngati mzungu wa kagalu uja. Chichewa chake ndi mawu amenewo basi. Mkamwini akatulukira pa foni kuti apereke moni, ine foniyo ndimailozetsa kudenga n'kumayankha chakumbali, monga mwa ulemu. Mayi wake wa mwana sathetsa foni asananene kuti, "Amayi, tatiwonetsani nthochi." Ndimadzuka, ndimapita kuseri, ndimaloza. Iye amamunyamula mwana n'kumuuza kuti, "Ona kwanu." Mwanayo amangofuna kudina foni.

Mchombo pano unawola kale, unasanduka dothi la kwa Mwambo. Koma mkamwini ankanena zoona pa chinthu chimodzi, pulasitiki sawola. Tsiku limene mnyamata ameneyu adzatsike pa kabaza ndi Chingerezi chake, ine kaya ndidzakhalapo kaya ayi, n'kumafunsa ngati kuno ndi kwawodi, amalume ake adzangomupatsa khasu. Akadzakumba pansi pa nthochi adzakapeza kapulasitiki kaja kali mbuu, koyera, kakumudikira.